Sienta ikuzungulira koma sikugwira moto: pampu musagule kaye

Bambo wina wa ku Santhe walemba motere: "Ndili ndi Sienta yakale ija ya petulo, imene ndimanyamulira anthu pakati pa Santhe ndi Kasungu boma. Kwa masabata angapo yakhala ikukoka mofooka pamtunda, nthawi zina imazima ikatentha n'kudzaliranso ikazizira. Lachisanu madzulo ndinathira malita 10 a kwa mavenda poti pa filling station panalibe, ndipo ndinafika kunyumba bwinobwino. Loweruka m'mawa yakana. Ikuzungulira ndithu koma osagwira. Ndagula batire latsopano, ndasintha mapulagi, palibe chasintha. Mnyamata amene akuiona akuti tigule pampu. Ndigule? Komanso alamu anga ali ndi Bongo ya dizilo imene imavuta m'mawa nthawi yozizira, ati ndiwafunsireko."

Bambo, pampu ya mafutayo musagule kaye. Mwina yafadi, koma pa zimene mwalembazi palibe amene waiyeza, ndipo mwatulutsa kale ndalama kawiri pa zinthu zongoganizira. Batire lija silimafunika n'komwe. Mwanena nokha kuti injini ikuzungulira bwino, ndipo ntchito yolemera ya batire ndi sitata imathera pomwepo. Lakale lija ngati simunaligulitse kwa anyamata a sola, lisungeni, lidakali moyo.

Munthu akandiimbira foni kuti galimoto yakana, ndimamuuza kuti aike foniyo pafupi ndi boneti n'kupotokola kiyi kuti ndimve ndekha. Pali galimoto imene injini yake sikuzungulira n'komwe, ndiye pali ina imene ikuzungulira koma osagwira moto. Matenda ake ndi osiyana kutalitali, ndipo khutu lokha limawalekanitsa musanagwire sipanala.

Ndidutse mwachangu pa yoyambayo, poti owerenga ambiri ndi imene imawagoneka panjira. Mukapotokola kiyi n'kumva thethethethe mofulumira, nyali za pa dashibodi zikuphethira, magetsi ndiwo achepa: batire latsika kapena mateminolo sakugwira. Gwedezani teminolo ndi dzanja. Ikatembenuka, kapena ngati yachita ufa woyera kapena wobiriwira uja, imasuleni, muitsuke ndi madzi ofunda osungunuliramo soda wophikira, muipale mpaka chitsulo chiwale n'kuimanga zolimba. Misewu ya fumbi ya ku Chamama ndi ku Chulu imamasula mateminolo osati masewera, ndipo mateminolo ambiri a magalimoto obwera pagalaja amakhala okhomeredwa msomali kapena kachidutswa ka chitini kuti agwire. Onaninso waya wonenepa wa efi (earth, wa ku negetivi), wochoka pa batire kupita ku bodi ndi ku injini. Ukachita dzimbiri pomangira, ngakhale batire la m'sitolo limaoneka ngati lakufa. Kwa amene ali ndi mita yoyezera magetsi: batire lodzaza, galimoto itagona usiku, limaonetsa 12.6V, pa 12.2V latsala theka. Likamatsika kufika pansi pa 10V pamene sitata ikuzunguza, latopa. Injini ikamalira mita iyenera kukhala pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikatsika kuposa apo, kawirikawiri wolakwa ndi alitaneta, imene imatchaja batire, ndipo batire lililonse limene mugule lidzagona m'masiku ochepa. Chizolowezi chozula teminolo injini ikulira pofuna kuona ngati alitaneta ikutchaja chinali cha magalimoto a kabureta. Pa galimoto ya kompyuta, magetsi amatha kulumpha n'kuotcha kompyutayo.

Mukamva kha! kamodzi kokha nyali zili zowala bwino, kawirikawiri ndi sitata, mabulashi atha kapena solenoid yapsa mkati. Kuigogoda pang'ono ndi sipanala wina atagwira kiyi kumaidzutsa kuti mukafike, koma si mankhwala. Pakangokhala zii nyali zikuyaka, pa galimoto ya otomatiki pondani buleki, ikani giya pa N muyesenso, chifukwa siwitchi imene imauza galimoto kuti ili pa P imatha ndi ukalamba. Otomatiki sikankhidwa; mungotopetsa anthu a pamudzi.

Tsopano yanu. Injini ya Sienta imeneyo ndi 1NZ-FE ya 1.5, yomwenso ili mu Probox ndi ma Corolla ambiri. Kuti igwire ikufuna moto pa mapulagi, petulo wabwino wofika ndi mphamvu, mphepo yopanikizika bwino m'masilinda (kompuresheni), ndipo zonsezi zikumane pa nthawi yake. Chimodzi chasowa. Kuchipeza sikulira ndalama. Mufunika sipanala ya mapulagi, botolo louma loonekera mkati, tochi, ndi munthu wachiwiri wopotokola kiyi. Muuzeni munthuyo kuti asamazunguze kupitirira masekondi 10, ndipo azipumitsa pafupifupi miniti imodzi asanayesenso. Sitata ndi kamota kakang'ono kamene kamakoka magetsi ambiri ndipo kalibe choziziritsira. Mukaikakamiza mudzakhala ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi.

Yambani muli pampando. Ikani kiyi pa ON osaliza, muyang'ane kanyali kachikasu kooneka ngati injini. Kayenera kuyaka. Kakapanda kuyaka, kompyuta ya galimoto sikulandira magetsi, ndipo popanda iyo palibe moto, palibenso petulo, ngakhale pampu ikhale yochotsa m'pepala lero lomwe. Tsegulani bokosi la mafyuzi pansi pa boneti, mufufuze fyuzi yolembedwa EFI ndi ina ya AM2, muzizule muone ngati kawaya ka mkati sikanaduke. Rileyi (kasiwitchi ka magetsi kodzitsegula kokha) ya EFI mutha kuisinthanitsa ndi ina yofanana nayo ndendende m'bokosi momwemo, kungoyesera. Fyuzi ikakhala yapsa, ikanimo ya nambala yomweyo. Ikapsanso nthawi yomweyo ndiye kuti pali waya wasupuka n'kukhudza bodi, ndipo apa ine ndimayamba kukayikira makoswe. Galimoto imene imanyamula matumba a chimanga ndi mtedza n'kumagona pafupi ndi nkhokwe kapena shedi ya fodya, makoswe amaipeza. Amakonda kufunda kwa injini usiku, ndipo mawaya amawatafuna. Unikani ndi tochi kuseri kwa injini. Makoko a mtedza ndi manyi a makoswe pamwamba pa giyabokosi ndi umboni wokwanira kuti mutsate mawaya amodzi amodzi. Waya wa kopa m'malo mwa fyuzi ayi ndithu, magalimoto apsa nazo zimenezo.

Ngati pa dashibodi pali kanyali kofiira ka chitetezo, kayenera kuzima mukaika kiyi. Kakamaphethirabe, galimoto sikumuzindikira kiyiyo, zomwe zimachitika ndi kiyi wodulitsa pamsika wopanda kachipu mkati, yesani kiyi wina wa galimotoyo. Ndipo ngati munaikitsa siwitchi yobisika yodula mafuta poopa akuba, kapena ngati mwini wake wakale anaikitsa, ifufuzeni. Mawaya ake amakhala ongopotokola ndi tepi pansi pa chiwongolero, ndipo amamasuka okha.

Mukatero masulani koyilo imodzi (kachipangizo kokhala pamwamba pa pulagi kamene kamaipatsa moto), mutulutse pulagi. Poti mapulagi ndi atsopano ndipo mwakhala mukuzunguza injini, atiuza zoona. Pulagi ikatuluka youma ngati mmene inachokera m'sitolo, yosanunkha kanthu, mafuta sakufika. Ikatuluka yonyowa, mafuta akufika koma sakuyaka: kaya moto palibe, kaya chimene chikufikacho si petulo weniweni. Iyang'anitsitseni padzuwa n'kuiuzira. Petulo amauma pompopompo. Madzi amatsalira timadontho tozungulira pa chitsulo. Ikamakhalabe yamafutamafuta osauma, muli palafini kapena dizilo. Muli pomwepo, yerekezani pulagi yatsopanoyo ndi yakale. Injini za 1NZ sizigwiritsa mapulagi a mtundu umodzi, ena ndi aatali ena aafupi, ndipo wogulitsa akangomva dzina la injini amatha kukupatsani olakwika.

Kuyeza moto: zulani kaye masoketi anayi a ma injector, amene amapopera petulo mu injini, kuti petulo asamapopedwe, bwezerani pulagi mu koyilo yake ili yolumikizidwa ku waya, muigoneke kuti thupi lake lachitsulo likhudze chitsulo cha injini, kutali ndi bowo limene yachokamo. Musaigwire ndi dzanja. Mnzanu apotokole. Moto wabwino ndi wabuluu, wothetheka motsatizana, umamveka ndi khutu. Injini imeneyi ili ndi makoyilo anayi, silinda iliyonse yake, ndipo imodzi ikafa galimoto imalira ndithu, kungoti imanjenjemera ndi kufooka. Ndiye wina akakuuzani kuti mugule makoyilo onse anayi chifukwa moto palibe, mukaneni. Anayi safera limodzi usiku umodzi. Chimene chasowa ndi chowalamula.

Chowalamulacho ndi kompyuta, ndipo kompyuta imadikira uthenga wochokera ku sensa ya crankshaft, imene ili pansi pafupi ndi pule yaikulu ya injini. Sensayo ndi imene imanena kuti injini ikuzungulira ndipo pisitoni yafika pati. Ikafa, kompyuta imangoti injini yaima, osatumiza moto. Nkhani yanu yozima ikatentha n'kulira ikazizira ikufanana kwambiri ndi khalidwe la sensa imeneyi, chifukwa mkati mwake muli kawaya kopyapyala kokulungidwa kamene kakakalamba kamalekana kakatentha n'kugwirananso kakazizira, mpaka tsiku limene kamadukiratu. Ngati galimoto yanu ili ndi muvi wa ma rev, uyang'aneni pozunguza. Ukamanjenjemera pang'ono, uthenga ukufika. Ukagona osagwedezeka, pitani ku sensayo, muyambe ndi soketi ndi waya wake poti pamafika matope ndi oyilo. Yamawaya awiri imayezeka ndi mita. Ili yozizira imaonetsa pafupifupi 1,000 mpaka 1,600 ohms, ndipo yoduka sionetsa kanthu. Pa makina a diagnosis vutoli limatuluka ngati P0335, la sensa ya camshaft ndi P0340. Dziwani kuti posintha batire muja makodi akale anafufutika, choncho zunguzani injini kangapo musanalumikize makinawo. Timakina tina totchipa ta pafoni sitilankhulana ndi magalimoto opangidwira msika wa ku Japan, ndiye kakanena kuti palibe vuto musakakhulupirire msanga.

Koma ine mtima wanga uli pa malita 10 a Lachisanu aja, ndipo apa ndichedwepo.

Sindikunena kuti venda aliyense ndi wakuba. Ambiri amagulitsa mafuta omwewo amene anakafolera pamzere. Vuto limakhala chigubu. Chigubu chimene dzulo chinatungira madzi, mgolo umene wagona panja mvula ikugwa, fanelo yodula ku botolo yogona m'fumbi, zonsezi zimalowa m'thanki mwanu. Ndiye palinso ena ochepa amene amaonjezera palafini kapena madzi dala kuti malita achuluke. Petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, wina amapangidwa pa Dwangwa pompa, ndipo ethanol amagwirizana ndi madzi kuposa ndi petulo. Madzi akakhala timadontho, ethanol amawameza n'kupsera limodzi m'injini inu osadziwa. Akachuluka, amakoka ethanol uja n'kutsika naye pansi pa thanki, poti madzi ndi olemera kuposa petulo. Pansi pa thankipo ndi pamene pampu imayamwira.

Ngati ndi zimene zachitika, n'chifukwa chake munafika kunyumba Lachisanu. Galimoto ikuyenda pa mabampu zonse zinali zovundukavunduka, injini inali yotentha, imakhoza kupirira. Itagona usiku zinadikha, madzi pansi petulo pamwamba, ndipo m'mawa pampu inatumiza madzi okhaokha. Palafini naye amachita chimodzimodzi: injini yotentha imamuwotcha movutikira, ikugogoda ndi kutulutsa utsi, koma yozizira singamuyatse chifukwa sauluka ngati petulo.

Kutsimikiza kwake n'kosavuta. Kankhirani galimoto pabwalo, kutali ndi mbaula, ndipo wosuta apite kwina. Zulani masoketi a makoyilo onse kuti pasakhale chothetheka. Kulungani kansalu polumikizira payipi ya mafuta imene imalowa ku ma injector, muimasule pang'onopang'ono poti imatha kukhala ndi mphamvu, muilowetse m'botolo lija, mnzanu azunguze masekondi ochepa. Imikani botololo pamalo osagwedezeka kwa mphindi 10 kapena 15. Mukaona mzere wogawa pakati, pansi pali zoyera kapena zamkakamkaka, pamwamba petulo, nkhani yatha. Mzere ukapanda kuoneka, donthetsani pang'ono pa pepala loyera la m'kope. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro; wosakaniza ndi palafini kapena dizilo amasiya banga la mafuta. Mphuno nayo imathandiza, aliyense amene anayatsapo koloboyi amalidziwa fungo la palafini.

Mayeso omwewa atiuzanso za pampu. Mafuta akatuluka mwamphamvu, pampu ikuzungulira. Akamangodontha kapena osatuluka, ndiye tiyambe kuikayikira, komabe osathamangira kusitolo. Pali chinthu chimene chimanamiza amakaniko ambiri achinyamata. Anazolowera kuti ukaika kiyi pa ON pampu imalira kuti zzzz kwa masekondi awiri, monga zimachitira ma Honda. Ma Toyota ambiri satero; pampu imayamba kuzungulira pamene sitata ikuzunguza. Munthu amatchera khutu pa ON, osamva kanthu, n'kuweruza kuti yafa pamene ili bwinobwino. Tsegulani chotsekera cha thanki, muike khutu pamenepo mnzanu akuzunguza. Osamveka kanthu, menyani pansi pa thanki ndi chikhatho iye akuzunguzabe. Pampu ya mabulashi otha imatha kudzuka, ndipo ikadzuka yadziulula yokha. Ikapanda kudzuka, mnyamata wanuyo ayeze pa soketi ya pampu ndi mita kapena babu loyezera pamene injini ikuzunguzidwa. Magetsi akufika koma pampu ili chete, yafadi, gulani. Magetsi sakufika, vuto ndi rileyi yolembedwa C/OPN kapena waya, ndipo pampu yatsopano ikanakhalanso chete chimodzimodzi.

Palinso pampu imene imadzaza botolo koma ilibe mphamvu. Injini imeneyi imafuna pafupifupi 3 bar kuti ma injector apopere petulo ngati nkhungu, ndipo chimene chinganene zimenezo ndi geji yoyezera mphamvu ya mafuta yokha. Galaja yabwino pa boma imakhala nayo. Njira yachidule yolekanitsira zonsezi ndi kupopera pang'ono carb cleaner (mankhwala opopera otsukira kabureta) polowera mphepo pa throttle, osati pa sensa ya mphepo, n'kuzunguza makoyilo ali olumikizidwa. Ikagwira masekondi awiri n'kuzima, moto ulipo, kompuresheni ilipo, nthawi yoyakira moto ili bwino, vuto ndi la mafuta basi. Kuthira petulo wa m'botolo pamenepo musayerekeze. Injini ikatsokomolera kumbuyo moto umatulukira kumaso kwa wothirayo.

Mnyamata wanuyo sanalankhule zopusa. Kukoka mofooka pamtunda kwa masabata angapo kumagwirizana ndi pampu yotopa kapena sefa yake yotsekeka, ndipo pampu yotopa nayo imatha kuima ikatentha. Magalimoto onyamula anthu ndiwo amapha mapampu kwambiri, chifukwa cha kathiridwe ka malita atatu, malita asanu, nyali ya mafuta ili chiyakire tsiku lonse. Pampu imakhala m'kati mwa thanki ndipo imaziziritsidwa ndi petulo amene yamiramo. Thanki ikamakhala youma nthawi zonse imatentha, imayamwa mphepo pokhota, n'kumakokanso zinyalala zonse za pansi. Kulakwa kwake n'kufuna kugula asanayeze.

Mmene ndikuonera ine, galimoto yanu ili ndi matenda awiri. Akale, a kufooka ndi kuzima ikatentha, ndi pampu, sefa kapena sensa ya crankshaft. Atsopano, amene aigoneka Loweruka, ndikuganiza kuti ndi mafuta. Ndikanakhala ine ndikanayamba ndi botolo, chifukwa ndi laulere ndipo limayankha mafunso awiri nthawi imodzi. Mukapezamo madzi, musakhutire ndi kuthira petulo wabwino pamwamba, ndipo musamvere za kuthira sipiriti. Zimenezo zimathandiza pa timadontho, osati pa lita ya madzi. Khuthulani thanki yonse, mutulutse chibokosi cha pampu, mupukute mkati ndi nsalu yosathothoka ulusi, mutsuke kapena kusintha kasefa ka pansi pa pampu. Thirani petulo wa pa filling station, muzunguze payipi ija ikadali m'botolo mpaka atuluke woyera, kenako mubwezere. Mapulagi muwaumitse, masilinda apumeko mphepo mapulagi ali kunja. Onaninso oyilo pa dipisitiki. Akamanunkha petulo kapena akachita ngati tiyi wamkaka chifukwa cha kuzunguza kwa masiku onsewa, msintheni. Ikalira, musaiwale matenda akale aja. Yezetsani mphamvu ya pampu ndi geji sabata yomweyo, isanakuzimireni pa Chinkhoma muli ndi anthu m'galimoto.

Pampu ikapezeka kuti yafadi, tengani yakaleyo popita kukagula kuti muyerekeze kukula kwake ndi soketi, mugulenso kasefa katsopano, ndipo labala lotsekera pamwamba pa thanki likhale bwino pobwezera. Zotchipa kwambiri zija zimakhala miyezi yowerengeka. Pampu yeniyeni yochotsa m'galimoto yogumula nthawi zambiri imaposa yatsopano yopanda dzina, bola aiyeze inu mukuona.

Moto ukapezeka ulipo, mafuta ali abwino ndipo akufika ndi mphamvu, ndiye tatsala ndi kompuresheni ndi nthawi. Pa 1NZ sizichitikachitika poti imayendera tcheni osati lamba, koma khutu limadziwa. Injini yabwino pozungulira imamveka ikulimbana, ng'a-ng'a-ng'a. Yopanda kompuresheni imangothamanga mopepuka ndi mawu amodzi osalala. Zimachitika ikakhala kuti inawira n'kupsa gasiketi, tcheni italumpha mano, kapena petulo wambiri atatsuka oyilo m'masilinda. Geji ya kompuresheni iyenera kuonetsa kupitirira 10 bar pa silinda iliyonse, ndipo asasiyane kupitirira 1 bar. Chenjezo limodzi la nthawi ya dzinja: galimoto ikazimira m'madzi powoloka dambo kapena mtsinje wosefukira, musapotokole kiyi. Madzi sapanikizika, ndipo akakhala mu silinda sitata imapinda ndodo ya pisitoni. Ikokereni kumtunda, muchotse mapulagi onse, muzunguze kuti madzi alavulidwe, kenako muone oyilo ndi fyuluta ya mphepo.

Za alamu anu. Dizilo alibe moto wa mapulagi. Amayaka ndi kutentha kwa mphepo yopanikizidwa kwambiri. M'mawa wa June ndi July kuno ku Kasungu chitsulo chimakhala chozizira n'kumeza kutentha konse, ndiye pamafunika mahita (glow plugs), timapulagi totenthetsa ndi magetsi, kuti atenthetse kaye. Bongo imene imavuta m'mawa mokha, masana n'kumalira kiyi kamodzi, pafupifupi nthawi zonse ndi mahita, rileyi yake, kapena batire limene likuzunguza mofooka, poti dizilo amafuna kuzunguzidwa mwachangu. Auzeni aime kumbuyo ayang'ane ekizozi wina akuzunguza. Utsi woyera wonunkha dizilo wosapsa ndiye kuti mafuta akufika koma kutentha kwachepa. Osatuluka utsi uliwonse, mafuta sakufika.

Mahita amayezeka mosavuta. Amasule kachitsulo kamene kamawalumikiza onse pamwamba, amange babu loyezera ku pozitivi ya batire, agunditse nsonga yake pamutu pa hita iliyonse. Babu likayaka, hitayo ndi yolumikizika mkati. Likapanda kuyaka, yaduka. Pa mita yabwino imaonetsa pafupifupi 1 ohm. Awiri akafa mwa anayi, m'mawa wozizira galimoto imakana. Aonenso ngati magetsi akufika pa kachitsuloko kiyi akaikidwa pa ON, chifukwa kanyali ka pa dashibodi kamayaka ngakhale rileyi itafa. Ndipo azidikira kanyaliko kazime asanalize. Kukazizira kwambiri atha kubwereza kawiri.

Utsi ukapanda kutuluka, apite pa fyuluta ya dizilo. Pamutu pake pali kapampu kodina ndi dzanja. Kakamadinika mofewa kwa nthawi yaitali kasanalimbe, mpweya umalowa usiku ndipo mafuta amabwerera ku thanki. Akapopa mpaka kalimbe galimoto n'kulira msanga, apezeratu vuto: payipi yong'aluka, kilampu yomasuka, kapena labala la kapampu komweko. Kuika kapayipi koonekera mkati pakati pa fyuluta ndi injector pump kumaonetsa thovu la mpweya ndi maso. Pansi pa fyuluta pali kotsegulira madzi, azikhetsa kawirikawiri makamaka akathira a m'zigubu. Pa injini zakale, pa injector pump pali solenoid ya waya umodzi imene imatsegulira mafuta. Iyenera kumveka kuti tha! kiyi akaikidwa pa ON, ndipo kawaya kake kakagwa galimoto siingalire ngakhale zonse zili bwino.

Aleke zoika sanza ya petulo polowera mphepo, ngati amatero. Petulo akakumana ndi hita yofiira amaphulika nthawi isanakwane, n'kuthyola maring'i, ndipo injini imene yazolowera sanza imafika posalira popanda sanzayo. Adziwenso mtundu wa injini yawo. Pa injini yakale ya Bongo yotchedwa R2 munthu amatha kumasula pang'ono payipi ya nozo (injector) kuti atulutse mpweya. Pa Bongo zatsopanoko za common rail zimenezo n'zoletsedwa, chifukwa mafuta ake amafika pa mphamvu yoposa 1,000 bar, yokwanira kuboola khungu. Imeneyo ipite pa makina. Ndipo poti injini za dizilo za Bongo zimayendera lamba, afufuze kuti anasinthidwa liti. Ambiri amasintha pa makilomita 100,000. Ngati palibe amene akudziwa, asinthe pamodzi ndi tenshona yake nyengo yonyamula fodya isanafike, chifukwa lamba ameneyo akaduka mavavu amagundana ndi mapisitoni ndipo ntchito yake imakhala yotsitsa mutu wonse wa injini.